Ulalo wa pa Kafue umene tauiwala

Mukaimitsa achinyamata khumi pa Kulima Tower kapena pa City Market n'kuwafunsa kuti atchule ulalo wakale wa muno mu Zambia, onse adzakamba umodzi: wa ku Victoria Falls. Ndiwo uli pa makalenda, ndiwo uli pa zithunzi za pa Facebook, ndiwo alendo amalipira madola kuti alumphepo atamangidwa chingwe m'miyendo. Koma makilomita pafupifupi 45 chabe kum'mwera kwa Lusaka kuli mng'ono wake, wobadwa chaka chimodzi pambuyo pake, wautali kuwirikiza kawiri, ndipo mpaka lero ukali kunyamula sitima. Tikamba za ulalo wa njanji wa pa mtsinje wa Kafue. Ambiri a ife sitinauonepo n'kamodzi komwe. Basi yopita ku Mazabuka, ku Livingstone kapena ku Chirundu imawolokera pa ulalo wa motoka umene uli kumunsi kwa mtsinje, ndipo wa njanjiwo umatsala kumtunda, kutali ndi maso athu.

Maganizo athu ndi akuti ulalo umenewu ndi chuma cha dziko, wofunika kusamalidwa ndi kudziwika monga mkulu wake wa ku Livingstone. Ndipo kusamala kumene tikunena si kwa kuumangira mpanda n'kumajambulapo zithunzi pa 24 October. Ndi kwa penti, kwa nyundo, kwa maso a mainjiniya, ndi kwa sitima zopitapo tsiku lililonse.

Unamangidwa mu 1906. Uli ndi zigawo 13, chilichonse chotalika mamita pafupifupi 33, zitakhala pa zipilala za konkiriti zoima m'madzi. Wonse pamodzi ndi mamita 427, monga mabwalo anayi a mpira mutawaika mondondozana. Wa ku Victoria Falls ndi mamita 198. Pa nthawi yake unali ulalo wautali kopambana onse pa njanji imene pambuyo pake inadziwika kuti Rhodesia Railways. Amene anali kuyala njanji kuchoka ku Livingstone kupita kumpoto ndi kampani ya George Pauling, ndipo liwiro lawo lonse linali lothamangira mgodi wa mtovu ndi zinki wa ku Broken Hill, kumene lero timati Kabwe. Njanji inafika kumeneko m'chaka chomwecho cha 1906, ndipo pofika 1909 inali itagunda malire a Congo. Masiku amenewo kunalibe fakitale ya zitsulo m'dziko muno. Chitsulo chilichonse cha pa ulalowu chinachoka kutsidya la nyanja pa chombo, n'kukwera njanji ulendo wonsewo mpaka pagombe la Kafue.

Tisaiwale kuti Lusaka weniweniyu, ndi mamolo ake ndi mizere yake ya motoka pa Great East Road, anayamba monga kasiteshoni ka pa njanji yomweyi, pafupi ndi mudzi wa a nyakwawa Lusaaka. Likulu linasamukira kuno kuchoka ku Livingstone mu 1935, ndipo njanji ndi chimodzi mwa zinthu zimene zinapangitsa kuti malo ano asankhidwe. Azigogo athu amene anachoka ku Chipata, ku Petauke ndi ku Katete kudzafuna nchito anabwera ku tauni imene sitima inabala. Chinyanja chimene tilankhula mu Matero ndi mu Chawama chinakulira m'mbali mwa njanji. Ndiye tikati ulalo wa pa Kafue ulibe nafe kanthu, tikhala ngati mwana wokana chithunzi cha agogo ake kamba koti chafwifwa.

Kuti timvetse chimene chifunika kusamalidwa, tiyambe taona mmene ulalo wa mtundu uwu umagwirira nchito, pakuti nzeru yake ndi yokoma. Aliyense amene anaonapo kalipentala akukhoma denga la nyumba adziwa matrasi, mitengo ija amailumikiza m'makona atatuatatu asanaike malata. Mukalumikiza mitengo inayi m'makona anayi n'kuikankha pambali, imapendekeka. Mukalumikiza itatu m'makona atatu, singapendekeke pokhapokha mtengo umodzi uthyoke kapena msomali uzuke. Amawelda a ku Kalingalinga adziwa zimenezi bwino, n'chifukwa chake pa geti yaikulu amaika chitsulo chopingasa kuti isagwe mphuno. Ulalo wa pa Kafue ndi nzeru yomweyo, koma ya chitsulo ndiponso yaikulu. Sitima ikakwera pa chigawo chimodzi, zitsulo za pamwamba zimapanikizika, za pansi zimakokeka, ndipo zopingasa zija zimagawana katunduyo n'kumupereka ku zipilala za mbali zonse ziwiri. Palibe chitsulo chimene chili pamenepo kuti chikongoletse. Chilichonse chili ndi gawo lake la katundu, ndipo chimodzi chikafooka, zinzake zimasenza zoposa zimene anaziwerengera.

Maulalo a nthawi imeneyo sanali kuwotcherera monga tichitira lero. Anali kulumikiza zitsulo ndi maliveti, misomali yonenepa ya mutu umodzi. Nchito yake inali ya kagulu. Mmodzi awotcha liveti pa mbaula mpaka ifiire, wina ailandira n'kuilowetsa pa chibowo, wina aigwirira kumbuyo ndi chitsulo cholemera, wina aimenya mpaka kumapeto kwake kuphwatalale n'kukhala mutu wachiwiri. Ikamazizira imafupika, ndipo pofupikapo imakoka zitsulo ziwirizo n'kuzimanga zolimba kuposa mmene dzanja la munthu lingamangire. Ganizirani kuchita zimenezi kambirimbiri, pamwamba pa mtsinje wa ng'ona ndi mvuu, udzudzu uli ng'wee, kulibe magetsi, kulibe chipatala pafupi.

Apa ndi pamene anzathu ena amatiimitsa. Amati: ulalo wa atsamunda uwo, anaumanga kuti atulutsire miyala yathu kunja, ndiye ife tiulirire chiyani? Funso ili si lopusa, ndipo theka lake ndi loona. Njanji sinabwere kudzatithandiza. Cecil Rhodes ndi kampani yake ya British South Africa Company anali kufuna migodi, ndipo msonkho umene anaika pa anthu athu ndiwo unatulutsa amuna m'midzi kuti akagwire nchito zolemetsa pa malipiro ochepa. Kwa zaka zambiri malasha a ku Wankie anali kudutsa pa ulalowu kupita ku migodi ya ku Copperbelt, kopa n'kumadutsa pomwepo kupita ku madoko, phindu n'kumathera ku London ndi ku Johannesburg. Pa njanji pomwepo panali tsankho loonekeratu. Nchito yoyendetsa sitima inali ya azungu, ndipo mmodzi wa madalaivala a ku Broken Hill, Roy Welensky, anafika pokhala nduna yaikulu ya Federation mu 1956, pamene munthu wakuda anali kukalamba akali kunyamula masilipa.

Koma theka linalo ndi limene tifuna kuti tiliganizire. Mabuku anasunga maina a makontrakita ndi mainjiniya. Nanga amene anakumba maziko a zipilala m'matope, amene anasenza simenti ndi miyala, amene anakoka zitsulo ndi zingwe, anali ndani? Anali anthu akuda, a m'dziko muno ndi a maiko oyandikana nafe. Maina awo sanalembedwe pa mwala uliwonse umene ife tinaphunzira ku sukulu. Chikumbutso chawo ndi ulalo womwewo. Tikausiya kuti uwole kamba kokwiyira Rhodes, Rhodes samva kanthu, anafa mu 1902 ulalowu usanayambe n'komwe. Amene tiwafafaniza ndi anthu athu omwe. Ndiponso njanji yomweyi ndi imene inalera mabungwe a anchito amene analimbana ndi tsankho. Dixon Konkola, amene anatsogolera bungwe la anchito akuda a pa njanji ku Broken Hill, anali mmodzi wa atsogoleri oyambirira a ndale za ufulu. Kuyambira 1967, pamene Rhodesia Railways inagawidwa ndipo Zambia Railways inabadwa, ulalowu wakhala m'manja mwathu. Werengani zaka. Tatsala pang'ono kukhala nawo nthawi yofanana ndi imene atsamunda anakhala nawo. Chikhala cha mwini wake wakale mpaka liti chinthu chimene takhala tikuchigwiritsa nchito kuyambira makolo athu ali ana?

Pali chifukwa china chimene ife a mu tauni sitidziwira maulalo athu, ndipo sichikambidwa kawirikawiri. Makolo athu anakula akuopa maulalo. M'nthawi ya nkhondo za ufulu wa maiko oyandikana nafe, ulalo unali malo a asilikali. Kuima pafupi ndi kamera kunali kudziitanira mafunso ku polisi. Mantha amenewo anali ndi maziko, pakuti mu October 1979 asilikali a Rhodesia anaphulitsa maulalo awiri pa mtsinje wa Chambeshi, wa njanji ya TAZARA ndi wa msewu, kuti atseke njira yathu ya ku Dar es Salaam. Nkhondo inatha, koma chizolowezi chinatsala: ulalo ndi wa boma, dutsa msanga, usayang'ane kwambiri. Ana a anthu amene anaphunzitsidwa kusayang'ana ndife. Ndipo chinthu chimene anthu sachiyang'ana chimatha popanda wofunsa.

Adani a ulalo wa chitsulo sabwera ndi phokoso. Woyamba ndi dzimbiri. Chitsulo chikachita dzimbiri chimatupa, pakuti dzimbiri limatenga malo aakulu kuposa chitsulo chimene ladya. Madzi akalowa pakati pa zitsulo ziwiri zomangidwa ndi maliveti, dzimbiri limakulira mkatimo n'kumazikankha pang'onopang'ono mpaka mitu ya maliveti iyambe kudumpha. Malo oopsa si aja oonekera patali, ndi m'makona mmene mumakhala fumbi, zitosi za mbalame ndi madzi a mvula. Mankhwala ake ndi otchipa mochititsa manyazi: kupala, kutsuka, kupaka penti, ndi kubwereza zaka zikapita. Wachiwiri ndi kutopa kwa chitsulo. Mukapinda waya kamodzi sathyoka, koma mukaupinda uku ndi uku kambiri umaduka. Sitima iliyonse ikadutsa, chitsulo chimapindika pang'ono kwambiri n'kubwerera, ndipo pakapita zaka timing'alu timayamba, makamaka m'mbali mwa zibowo za maliveti. Munthu wodziwa amayenda ndi kanyundo akugogoda liveti iliyonse. Yolimba imalira bwino, yomasuka imalira mogonthera. Nchito yotopetsa, yosaoneka pa TV, koma ndiyo imasunga miyoyo.

Palinso kutentha. Chitsulo cha mamita 33 chimatalika ndi sentimita imodzi kapena kuposerapo pang'ono pakati pa m'mawa wozizira wa July ndi masana a October. N'chifukwa chake maulalo otere amakhala pa tizitsulo tolola mbali imodzi kusuntha. Tizitsulo timeneti tikagwidwa ndi dzimbiri n'kuuma, ulalo umayamba kukankha chipilala chake chomwe. Pansi pa madzi napo pali nkhani. Mtsinje umakumba mchenga m'mbali mwa zipilala, ndipo namasupuni, udzu woyandama uja ambiri timautcha Kafue weed, umaunjikana pa zipilala n'kupanga chiguduli chimene madzi amachikankha usana ndi usiku. Amene amadutsa pa ulalo wa motoka anauonapo udzu umenewu utatseka mtsinje ngati dimba.

Mdani wachitatu ndi ife tomwe, ndipo tisanamizane. Msika wa sikirapu ulipo m'komboni iliyonse. Mnyamata amene alibe nchito, amene wagona ndi njala, akaona bauti ya pa njanji amaona sikelo ndi ndalama ya pamela. Sitikumuweruza ngati kuti njala ndi nthabwala. Koma bauti imene amugula makwacha ochepa ingagwetse sitima yonyamula anthu, ndipo amene amalemera pa malonda amenewa si iye, ndi amene ali ndi sikelo ndi thiraki. Lamulo likamagwira mnyamata wa wilibala n'kusiya wogula, ndiye kuti tikutunga madzi ndi dengu.

Ubwino wa ulalo wa matrasi ndi umenenso uli tsoka lake: umamasulika. Nkhani ya ulalo woyamba wa motoka pa Kafue ionetsa zimenezi. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, akuluakulu a mzinda wa London anamanga maulalo ongoyembekezera pa mtsinje wa Thames, kuopa kuti mabomba a Germany angagwetse maulalo awo akuluakulu. Nkhondo itatha, umodzi unamasulidwa, n'kutumizidwa kuno, n'kumangidwanso pa Kafue mu 1949 ndi ndalama za Beit Trust. Tangoganizani, chitsulo chimene chinaima pakati pa London chinadzanyamula malole a chimanga cha ku Southern Province. Unagwira nchito zaka zambiri mpaka pamene ulalo watsopano unamangidwa m'zaka za m'ma 1990 ndi thandizo la dziko la Japan. Ndi angati a ife amene tinamvapo nkhani imeneyi? Ulalo utangoleka kunyamula motoka, nkhani yake inalekanso kukambidwa. Ndipo chinthu chimene mainjiniya angamasule mwadongosolo n'kuchitumiza kutsidya la nyanja, mbala nazo zingachimasule chidutswachidutswa usiku.

Ife a mu Lusaka sitifunika kupita kutali kuti tione zimene zimachitikira njanji ikaleka kugwira nchito. Akuluakulu athu akumbuka Njanji Commuter, sitima imene inali kunyamula anthu kuchoka ku Chilenje kudutsa mu tauni mpaka ku George. Inaima kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Pitani lero mukafune njanji yake. M'malo ambiri zitsulo zinazulidwa, ndipo pamene panali kudutsa sitima pali nyumba, tuntemba ndi misika. Palibe amene anaimirira pa msonkhano n'kulengeza kuti tiyeni tiiwononge. Inangosiyidwa, ndipo zotsalazo zinachitika zokha. Lero tikhala maola mu minibasi pa Kafue Roundabout n'kumalota sitima ya mu tauni imene tinali nayo kale.

N'chifukwa chake tikuti mlonda wamkulu wa ulalo wa pa Kafue ndi sitima. Ulalo umene ukugwira nchito uli ndi mwini, uli ndi bajeti, uli ndi anthu oyendera njanji m'mawa, uli ndi dalaivala amene amamva ngati china chake chalira mwachilendo. Ndiye nkhani yosunga ulalowu singasiyane ndi nkhani ya njanji yonse, ndipo kumeneko mbiri yathu si yonyaditsa. Mu 2003 njanji inaperekedwa kwa kampani ya Railway Systems of Zambia kuti iziyendetsa. Mu 2012 boma la a Michael Sata linathetsa pangano limenelo, ndipo pa ngongole ya Eurobond ya madola 750 miliyoni ya chaka chomwecho, madola 120 miliyoni anapita ku Zambia Railways. Mu 2018 kunabwera lamulo lakuti magawo 30 pa 100 alionse a katundu wolemera monga kopa, malasha, simenti ndi shuga aziyenda pa njanji. Zonsezi zinachitika, koma aliyense amene wayendapo pa msewu wa ku Kafue kapena wa ku Ndola adziwa kumene katundu wambiri ali. Ali pa mathiraki, akukumba maenje mu tara imene timalipirira pa matolgeti, pamene sitima ikukwawa ngati nkhono pambali. Thiraki iliyonse ya kopa imene ikanakhala pa njanji ndi ndalama imene sinafike ku thumba logulira penti.

Ndipo tisaganize kuti ulalowu uli ndi wina wolowa m'malo mwake. Sitima iliyonse yochoka kum'mwera, kaya yanyamula malasha a ku Maamba, shuga wa ku Mazabuka kapena katundu wochokera ku madoko a South Africa, iyenera kuwoloka pamenepa kuti ifike mu Lusaka, ku Kabwe ndi ku Copperbelt. Ulalo wa ku Kazungula, wa mamita 923, umene unatsegulidwa mu May 2021, anaumanga ndi malo a njanji pakati, kuyembekezera tsiku limene njanji ya ku Botswana idzalumikizana ndi yathu. Tsiku limenelo likadzafika, katundu yenseyo adzafikabe pa zigawo 13 za mu 1906. Anzathu a ku Malawi ndi ku Mozambique adziwa mtengo wa kutaya njira yotere. Ulalo wa Dona Ana pa Zambezi, wa matrasi nawonso, wotalika makilomita oposa atatu ndi theka, unamangidwa m'zaka za m'ma 1930 kuti ulumikize Nyasaland ndi doko la Beira. Unaphulitsidwa pa nkhondo ya pachiweniweni m'zaka za m'ma 1980, ndipo panapita zaka zoposa 20 sitima isanadutsenso. Kuthyola n'kwa tsiku limodzi, koma kubwezera kumadya m'badwo wathunthu.

Ena adzati, bwanji osangomanga watsopano wa konkiriti? Mwina tsiku lina zidzafunika, ngati tidzafuna sitima zolemera ndi zothamanga kuposa zimene akalewo anawerengera, ndipo sitidzatsutsa. Koma wa ku Kazungula unadya madola pafupifupi 260 miliyoni, ndipo dziko limene linalephera kubweza ngongole zake mu 2020 lisamakambe za ulalo watsopano ngati kuti ndi kugula malaya pa salaula. Pa ndalama zimene tili nazo, kusamala umene ulipo ndiyo nzeru. Ndipo watsopano ukadzabwera, wakalewo usadzagulitsidwe pa sikelo. Ku Chirundu, ulalo wa Otto Beit wa mu 1939 ukali chiimire pambali pa watsopano wa mu 2002. Wa pa Kafue ungadzakhale njira ya oyenda pansi, a njinga, asodzi ndi azimayi ogulitsa nsomba, malinga ngati pepala lidzanene momveka kuti mwini wake ndani ndipo penti adzagula ndani. Popanda pepala limenelo udzatsata Njanji Commuter.

Lamulo lili kale kumbali yathu. Lamulo la mu 1989 limene linakhazikitsa National Heritage Conservation Commission limaika zomangidwa chisanafike chaka cha 1924 m'gulu la zinthu zakale zoyenera kutetezedwa. Bungwe limeneli ndi limene limayang'anira malo monga nyumba nambala 394 ku Chilenje kumene a Kenneth Kaunda anali kukhala, ndi Railway Museum ya ku Livingstone kumene kuli mainjini akale a nthunzi. Ulalo wa mu 1906 unapitirira malire a 1924 ndi zaka 18. Chimene tipempha n'chakuti bungweli, a Zambia Railways ndi khonsolo ya Kafue akhale pa tebulo limodzi za ulalowu, ndipo zimene agwirizana tizimve ifenso. Mbiri yake ilembedwe mu Chinyanja, mu Chitonga ndi mu Chingelezi pa malo amene anthu amafikapo, pa siteshoni kapena pa msika, osati m'lipoti lokhala mu kabati ya ofesi. Ana a sukulu a ku Kafue, amene amaphunzira za maulalo a ku Ulaya m'mabuku, apite ndi aphunzitsi awo kukauona uwu kuchokera pagombe kapena pa boti.

Tanena kuti kuchokera pagombe, ndipo tibwereze. Ulalo wa njanji si malo ojambulirapo vidiyo ya TikTok. Ndi wautali mamita 427, pansi pali madzi akuya, ndipo sitima siima ngati minibasi imene yaona pasenja. Amene afuna kuukonda aukonde ali patali.

Kwa achinyamata pali nkhani ya nchito, ndipo si maloto. Kupala ndi kupaka penti ulalo wa zigawo 13 ndi nchito ya manja ambiri. Chaka chilichonse makoleji a pansi pa TEVETA amatulutsa amawelda ndi okonza zitsulo amene amathera pa kupanga mbaula ndi mafelemu a mawindo m'mbali mwa msewu, akulimbirana makasitomala ochepa omwewo. Ophunzira uinjiniya ku UNZA ndi ku CBU amawerengera matrasi pa pepala mpaka mutu kuwawa, pamene trasi yeniyeni imene yapirira zaka zoposa 115 ili ulendo wa ola limodzi kuchoka mu Lusaka. Kontrakiti yokonza ulalowu ikadzatuluka, ilembedwe kuti achinyamata a ku Kafue aphunzitsidwe ndi kulembedwa, kuti luso litsale kuno kontrakita akapita. Ndipo ichitike mosamala. Penti ya masiku akale nthawi zambiri inali ndi mtovu, ndipo simungaipale n'kumaigwetsera mu mtsinje umene Lusaka amapopako madzi akumwa pa Iolanda. Anthu a ku Kabwe angatiuze zimene mtovu umachita m'magazi a ana.

Gawo limene ife a mawailesi a m'madera tingachite popanda kudikira aliyense ndi la mawu. Ku Kabwe, ku Kafue ndi ku Livingstone kuli madala amene anagwira nchito pa njanji moyo wawo wonse: madalaivala, oyendera njanji, opaka penti, a m'mawekishopu. Ena anayamba nchito pansi pa Rhodesia Railways n'kupumira pansi pa Zambia Railways. Adziwa mmene sitima imamvekera ikalowa pa ulalo madzi atadzaza mu March, adziwa chipilala chimene chinali kuwadetsa nkhawa, adziwa nyimbo zimene anali kuimba ponyamula njanji. Akutha mmodzimmodzi, ndipo maliro alionse amapita ndi zimene palibe buku linalemba. Foni iliyonse ili ndi chojambulira mawu. Amene muli ndi agogo otere pa nyumba, khalani nawo pansi Sande masana, muwafunse, mujambule, mutumize ku wailesi ya kwanu.

Ndipo a MP, a khansala kapena akuluakulu a njanji akadzabwera pa pulogalamu ya mafoni, pakati pa mafunso a CDF ndi a ngalande tiikepo atatu awa. Ulalo wa njanji wa pa Kafue unapakidwa penti komaliza liti? Ndi liti pamene akatswiri anayang'ana maziko a zipilala zake pansi pa madzi, ndipo anapeza chiyani? Mapulani ake oyambirira ali kuti, ku Kabwe, ku National Archives, ku Bulawayo kapena ku London? Akayankha kuti adzafufuza, tilembe tsiku, ndipo akadzabweranso tidzafunsenso.